Chikwama Chimodzi cha Tadala

Lolemba

Zatsimikizika. Tadala ali m'gulu la ana a sekondale yathu opita ku Blantyre Loweruka likubwerali. Akakhala sabata yathunthu pasukulu ina ya mumzinda, kulowa nawo m'kalasi, kugona nawo m'hositelo. Teremu yamawa ana a kumeneko adzabwera kuno ku Hewe kudzaona fumbi kumene limabadwira.

Aphunzitsi a Kumwenda, otsogolera ulendo, alengeza lamulo: mwana aliyense chikwama chimodzi. Basi yahayala ndi yaing'ono. Chimodzi chokha!

Ndikugwirizana nawo ndi mtima wonse.

Chikwama ndinagula kale ku boma, chakuda, cha zipi ziwiri. Zolowamo:

yunifolomu yachiwiri, yositidwa
juzi, poti Juni wa ku Blantyre saseka ndi munthu
nsapato zatsopano, zimene sizinaponde dothi la Hewe
sopo wonunkhira, osati wochapira uja
mswachi, mafuta odzola, thawulo
diresi la kutchalitchi

Thumba ayi. Chidebe ayi. Chamoyo ayi.

Ndikudziwa chimene ndikunena. Tsiku limene ndinkakayamba Fomu 1, kuchokera kwathu ku Dedza, amayi anandipatsira nkhuku kuti ndikasiyire azakhali okhala pafupi ndi sukuluyo. Ndinatsika basi nkhuku ili kukhwapa, atsikana a m'tauni ali ndandanda pageti. Zaka zinayi zonse dzina langa linali Nankhuku. Ngakhale tsiku limene ndinkalandira mphotho ya masamu, wina kumbuyo analira kokoliliko. Inali ya thadzi, koma ndani ankafunsa?

Mwana wanga akatsika basi ngati mwana wa sukulu. Manja awiri, chikwama chimodzi.

Mwiniwake sakuoneka wodera nkhawa. Akuyesa nsapato pamphasa, akung'ung'udza nyimbo ya kwaya. Anabadwira konkuno. Chichewa amayankhula ndi ine ndekha, ndipo chimatuluka chikuyimba ngati Chitumbuka.

Ndaimbira amayi ku Dedza kuwauza kuti mdzukulu wawo akupita ku Blantyre. Ndadzitama pang'ono. Nkololedwa.

Lachiwiri

Nkhani yafika pamjigo. Ikafika pamjigo ndiye kuti yafika ponseponse.

Ndikuchokera kusikelo ya ana, ndikupeza NyaGondwe wa nyumba yoyandikana nafe ali pakhonde panga, miyendo tambasu. Pambali pake thumba losokedwa pakamwa ndi luzi.

Moni wautali. Akufunsa za mutu umene unandivuta mwezi watha. Za chimanga changa. Za mphepo ya chaka chino. Za thumbalo, olo liwu limodzi. Akudzuka, akukutumula chitenje, akufika pampanda, pamenepo ndiye akutembenuka:

"Adokotala, kanthu kachoko waka. Ka mwana wane ku Ndirande."

Ati kanthu kakang'ono chabe. Ndayesa kukanyamula. Ndi nyemba zoti nkudyetsa anthu pamaliro a munthu wotchuka.

Kuno amanditcha adokotala. Ndine mlangizi wa zaumoyo chabe, woyeza ana pasikelo ndi kukangana ndi akuluakulu za zimbudzi. Ndinatopa nako kuwafotokozera.

Ndikumutsatira kumpanda, ndikulongosola za lamulo la chikwama chimodzi. Akumvetsera mwaulemu, akugwedeza mutu, "Enya, enya." Ndikamaliza: "Yewo chomene." Wapita.

Ndazindikira ukatswiri wake. Sanapemphe. Ungakane bwanji chinthu chimene sunapemphedwe?

Dzuwa lisanalowe kwabwera enanso awiri. Mmodzi ndamufunsa mosabisa: ana anu enieni ali paulendo womwewu, bwanji osapatsira iwowo?

"Enawo angasochere, adokotala. Koma Tadala kumeneko nkwawo."

Nkwawo! Kwa anthu a ku Hewe, ukangodutsa Jenda konseko ndi kumodzi. Kasungu, Dedza, Blantyre, Nsanje: mudzi umodzi waukulu wa anthu oyankhula ngati ine, odziwana onse. Tadala sanapitirirepo Mzuzu. Ku Mzuzu komweko anafika atasanza m'minibasi.

Pathumba la NyaGondwe palembedwa ndi makala: Eliza, Ndirande, kuseri kwa chigayo. Pansi pake nambala ya foni. Kaya ku Ndirande kuli chigayo chimodzi ngati kuno.

Mawa ndibweza zonse. Mwaulemu, koma ndibweza.

Lachitatu

Sindinabweze.

Zimene zili pabalaza panga tsopano:

nyemba za NyaGondwe
ufa woyera, poti wa m'tauni ati ulibe fungo
mtedza wosasenda, matumba awiri a eni osiyana amene salankhulana, ndiye ndauzidwa kuti asagundane
mphasa yopinda
mpini wa khasu

Mpini wa khasu! Wopita kwa mkamwini wa munthu ku Chirimba. Ati mitengo ya kumeneko ndi yofooka.

Choipitsitsa nchakuti adani alowa mkati. Ndikutsekula chikwama kuti ndiikemo thawulo, ndikupeza jumbo ya mfutso itagona bwinobwino pakati pa yunifolomu ndi diresi. Bulauzi yoyera ikununkha nkhwani wouma.

Tadala: "Ndi NyaMsiska. Anati pakatipo sikaphwanyika."

Ine: iwe nkuvomera?

"Amama, ndikanati chiyani? Si amene ankandibereka kumbuyo inu muli kusikelo?"

Nzoona. Ndinafika kuno ndi mimba ndi sutikesi, bambo ake atatsala ku Lilongwe "kwa miyezi iwiri" imene mpaka lero sinathe. Chitumbuka ndinkadziwa moni yekha. Mwanayu wakulira pamisana ya Hewe yonse. Lero misana ija yabwera pakhonde, iliyonse ndi kanthu kake kachoko.

Komabe. Misana sidzakhalapo pageti la ku Blantyre. Padzakhala atsikana a ku Namiwawa, dera la olemera, okhala ndi maso akuthwa ndi zaka zambiri zokumbukira.

Ndachapanso bulauzi. Ndasitanso. Chikwama ndachikweza pamwamba pa kabati kuchipinda kwanga, ndachifunditsa bulangete, ndakhoma chitseko. Kiyi ali pachingwe m'khosi mwanga. Aloweko tione!

Mawa ndipita kwa a Kumwenda. Lamulo ndi lawo, abwere aliteteze okha.

Lachinayi

A Kumwenda andilandira bwino muofesi. Akumva, akugwedeza mutu mwachisoni. "Lamulo ndi lamulo, mayi. Ndibwera ndekha madzulo ano."

Mtima pansi. Kuphunzira nkwabwino.

Abwera ndithu, panjinga. Akuima pakhomo, akuyang'ana mulu wa pabalaza, akupukusa mutu. "Anthu athu! Anthu athu!" Akufunsa za mutu wanga wa mwezi watha. Pamenepo ndayamba kukayika. Ndikusuzumira kunja: pakaliyala ya njinga pali katoni yomangidwa ndi mphira.

Ndi ya mlongo wawo wophunzira unamwino ku Blantyre. "Ine monga mtsogoleri sindingaoneke ndikuphwanya lamulo langa lomwe. Koma ikakhala pamulu wa Tadala, ndani angadziwe?" Akufika pampanda, akutembenuka. Sindilemba mawu amene anena. Ndi omwe aja.

Atangochoka, a Chavula. Mlimi wa fodya wa kutsidya kwa dambo, wamtali, wa mawu ochepa. Mwana wawo Yotamu anapita ku Blantyre kukagwira ulonda zaka zapitazo. Chipitireni. Khirisimasi sabwera, foni imalira koma sayankha. Aliyense amadziwa, palibe amene amawafunsa.

Kukhwapa kwawo: tambala. Wofiira, wamkulu, miyendo yomangidwa ndi luzi.

Sindinadikire za mutu ndi chimanga. Sindinawapatse ndi mpando womwe. Ndayankhula Chichewa cha ku Dedza, chosakulunga m'masamba: "Iyayi, bambo. Chamoyo ayi. Mwana wanga si lole."

Avula chipewa. "Yewo, mama." Abwerera njira yomwe anadzera, tambala akundiyang'ana ndi diso limodzi mpaka pokhotera.

Ndakana koyamba sabata ino. Ndapambana.

Chakudya chamadzulo ndachisiya m'mbale.

Lachisanu

Pamjigo moni wafupika. Palibe wonena choipa. "Mwawuka uli?" "Tawuka." Kwatha. Za mutu wanga palibe wofunsa. Za chimanga changa palibe wofunsa. Kuno mkwiyo sukuwa, umangochotsa mafunso pamoni.

NyaGondwe, amene tsiku lililonse amabwera kudzapala moto ngakhale ali ndi machesi, lero moto wake wayaka wokha.

Tadala akudya chamasana. Ndaganiza zomuuza za Nankhuku. Sindinamuuzepo. Ndafotokoza zonse, geti, atsikana aja, kokoliliko wa patsiku la mphotho. Ndimayembekeza kuti achita mantha, kapena aseka.

Wangofunsa: "Nanga azakhaliwo nkhukuyo anailandira?"

Anailandira. Ndipo tsopano ndikukumbuka kuti anaikumbatira ngati khanda, nakhala pansi pakhomo, nalira. Chikwatiwire kuchilendo anali asanalandirepo kanthu kochokera kwathu. Zaka zonsezi ndasunga geti m'mutu, khomo la azakhali ndinalitaya.

Izi sizikusintha mfundo yanga. Ndangolemba.

Masana Tadala watuluka osatsanzika. Akubwera dzuwa litapendeka, tambala wofiira ali kukhwapa, dzanja lamanzere, mutu kutsogolo. Ndendende mmene ndinanyamulira ine. Zinthu zina sizichita kuphunzitsidwa.

"A Chavula akuti ufa Yotamu akhoza kuusiya pageti mpaka ufumbwe. Koma tambala wa kwawo sangamusiye afe ndi ludzu. Abwera basi."

Ndiye si mphatso. Ndi msampha. Munthu wa mawu ochepa uja waganiza kuposa tonsefe.

Tambala wagona kukhitchini. Sindinavomere. Sindinakanenso. Ndamuikira madzi chifukwa ndine wa zaumoyo.

Kenako foni ya amayi. Akuti awerengera kuti basi idutsa pa Dedza masana, adzaima pamsewu amuone mdzukulu ngakhale pawindo. Akutsokomola pakati pa mawu alionse. Kuzizira kwa kwathu ndikukudziwa. Sanapemphe kanthu. Amayi sapempha.

Ndapita kwa bambo wina wogulitsa uchi wa kuphiri. Kachigubu kamodzi. Ndi tinyemba pang'ono ta m'munda mwanga, poti kachigubu kokha kangagwe. Ndakulunga m'chitenje chakale, ndabisa kuseri kwa mtondo.

Izi ndi zosiyana. Awa ndi mankhwala.

Loweruka

Mbandakucha, kuzizira kolasa m'mafupa. Pakhomo panga anthu ngati pachikwati. Mwini katundu aliyense wabwera kudzasenza wake yekha mpaka kusukulu, poti palibe wokhulupirira mnzake. Eni mtedza awiri aja akuyenda mbali zosiyana za msewu. Wa mpini akuunyamula ngati ndodo ya bishopu. A Chavula ali kumbuyo kwenikweni, tambala ali m'dengu.

Woyendetsa basi, mnyamata wa ku Mzuzu: "Kodi ndi ulendo wa sukulu kapena mudzi ukusamuka?"

A Kumwenda akuyang'anitsitsa tayala lakutsogolo ngati muli nkhani.

Kukweza. Kukangana. Ufa usakhale pansi pa nyemba! Mphasa isapindike kawiri! Mpando wakumbuyo wonse watha, Tadala wakhala pakona, dengu la tambala lili pamiyendo. Wavala yunifolomu yakale ndi nsapato zakale zija lamba wake anasokedwa ndi waya. Ndinamuuza ndine: zatsopano udzavale mukamayandikira, zisadetsedwe panjira.

Ine ndili ndi nkhondo yanga. Ndikuzungulira kuseri kwa basi ndi mtolo wanga m'chitenje, kuti ndiulowetse pawindo anthu asanaone. Windo ndi lalitali. Ndikudumphadumpha. Mwadzidzidzi mtolo wapepuka, wina akukankha pansi pake.

NyaGondwe.

Sanaseke. Wangoti, "Kachoko waka, adokotala." Ndipo wafunsa za mutu wanga.

Mkulu wa mpingo wapemphera pemphero lofika ku Blantyre ndi kubwerako. Basi yanyamuka. Dzanja la Tadala pawindo. Fumbi.

Ndikubwerera kunyumba wopepuka, mwina wokondwa. Ndikuwerama kuti ndisese nthenga pakhonde. Kanthu kozizira kakundigunda pachifuwa.

Kiyi.

Mayo ine!

Chitseko. Kabati. Bulangete. Chikwama chili phee, chofunda bwino, chosadetsedwa ndi mfutso wa munthu aliyense.

Njinga mpaka pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, pamene netiweki imapezeka. Foni ya a Kumwenda sikulowa. Sikulowa. Ikulowa atadutsa kale boma.

"Kubwerera sitingathe, mayi. Koma musadandaule, mwanayu ali ndi katundu wambiri kuposa aliyense."

Katundu wambiri! Akasamba ndi mpini wa khasu?

Tsiku lonse ndangokhala pakhonde. Ndaganiza mofatsa, ndapeza pamene panalakwika. Katundu aliyense anali ndi mwini wake womulondera. Chikwama chokha ndicho chinali ndi ine.

Lamulungu

Kutchalitchi ulaliki sindinaumve. Ndimangoona geti, atsikana ali ndandanda, mwana wanga akutsika ndi nsapato za waya ndi dengu lolira.

Madzulo pachulu. Tadala pafoni ya a Kumwenda, mawu akuthamanga, Chichewa ndi Chitumbuka zikupondana.

Agogo ake anaima pamsewu ku Dedza monga ananenera. Analandira uchi, anamugwira kumaso pawindo, ndipo basi isananyamuke analowetsa thumba la mbatatesi. Ati la pobwerera. Likupita kaye ku Blantyre kukaona mzinda.

Ku Blantyre basi inafika kutada. Lero m'mawa pageti la sukulu panali ngati msika. Eliza wa ku Ndirande wabwera (zigayo ziliko zambiri, koma foni inagwira ntchito). Mkamwini wa mpini wabwera, waukonda. Mlongo wa a Kumwenda wabwera. Atamva kuti mwana wa ku Hewe wafika wopanda chosinthira, onse abwerera kwawo, masana abweranso:

siketi ya Eliza
juzi ndi sopo za wophunzira unamwino
nsapato za mkazi wa mwini mpini, zazikulu pang'ono, aikamo pepala kutsogolo

"Amanditchula mwana withu, amama. Ena sindinawaonepo."

Yotamu wabwera pomalizira, anthu atatha. Anaima patali nthawi yaitali. Wowonda. Ulonda unatha kalekale, amagulitsa makala. Watenga tambala, wamumasula miyendo, wamusisita. Wafunsa funso limodzi: ngati adada ake anafolera chigafa chaka chino.

Nditatsika pachulu ndatuma mawu amenewa kutsidya kwa dambo monga momwe alili, osawonjezera. Wotumidwa akuti a Chavula anavula chipewa, nakhala pansi.

Koma foni isanathe ndinafunsa chimene ndinakwerera chulu. Akukutcha ndani?

Kuseka. Tambala anagona pansi pa windo la hositelo, ndipo mbandakucha anagwira ntchito yake mokhulupirika. Sukulu yonse inadzuka.

"NyaTambala."

Ndatseka maso. Nanga iwe ukutani?

"Ndikuyankha. Wina wa ku Namiwawa wafunsa ngati akadzabwera ku Hewe tidzamuphera wamkulu choncho."

Nankhuku wabala NyaTambala. Mtundu sutayika. Kusiyana kwake nkwakuti ine ndinkayenda chozolika, iye akuyankha. Kaya chifukwa ndi wolimba mtima, kaya chifukwa theka la pageti linali la kwawo. Mwina anthu aja sanalakwitse kwenikweni ponena kuti kumeneko nkwawo. Anangolakwitsa chifukwa chake.

Komabe yunifolomu ali nayo imodzi, ndipo sabata ndi yaitali. NyaGondwe, amene wabwera kudzapala moto, akuti NyaKaonga mkazi wa kalipentala akunyamuka mawa kupita ku Blantyre kukaona mdzukulu wobadwa kumene.

Ndatsitsa chikwama. Ndachisenza pamutu, poyera, msewu wonse.

Pakhonde pa NyaKaonga ndapeza matumba atatsamira kale khoma, ndi amayi atatu ali miyendo tambasu. Ndakhala kumapeto kwa mzere. Itafika nthawi yanga ndafunsa za msana wake. Za chimanga chake. Za mphepo ya chaka chino. Ndadzuka, ndakutumula chitenje, ndafika pampanda, ndatembenuka.

"Kanthu kachoko waka."

Palibe amene waseka. Mmodzi wangoti, "Mwayowoya makora, adokotala." Ati ndayankhula bwino.

Ndili panjira yobwerera ndakumbukira kuti zipi yam'mbali ija inatsala yopanda kanthu. Mukanalowa mtedza.